Chiwaya cha Bambo Ndinapsereza Ndine

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka. Bambo adzukanso, miyendo yokha ndiyo imawavuta m'mawa kukazizira. Mankhwala munatumiza aja akumwa, ngakhale amadandaula kuti mapilisi achikasuwo amanunkha ngati sokosi yonyowa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timayankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Chifukwa chake n'chakuti pa foni inu mumafulumira, ine ndimachita mantha. Ndikati ndiyambe, inu mwafunsa kale za kuthamanga kwa magazi, mwafunsa za tulo, mwalamula zinthu zitatu, mwatsanzika. Si pachabe Bambo anakutchani Akapitawo muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Pepala ndiye silidula munthu mawu. Choncho khalani pansi, vulani nsapato za kuchipatalazo, muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire. Nkhani yake ndi ya chiwaya cha Bambo, komanso ya ulendo wanu wa mu Disembala, umene mukuti mudzawatenge akakhale kunyumba yosamalira okalamba ija pafupi ndi kuntchito kwanu.

Chiwayacho mukuchidziwa, koma ndiloleni ndichikumbuke pang'ono. Bambo anabwera nacho ine nditangoyamba sukulu, chaka chimene hotela imene ankaphikako inasintha ziwiya zonse. Anzawo anatenga mapoto akuluakulu, iwo anapempha chiwaya chimodzi chimene ankakazingira mazira a alendo m'mawa uliwonse. Chachitsulo chosachita dzimbiri, cholemera moti ndinkachinyamula ndi manja awiri, chogwirira chake chomangidwa ndi timisomali titatu. Malemu Amayi ankachitcha "mkazi mnzanga". Ankati, "Ine ndikadwala bambo anu amandifunsa kamodzi basi, koma mkazi mnzangayu akangochita kabanga, amukhalira pansi ndi soda mpaka masana." Bambo ankangoseka, uku akupukutabe.

Mukukumbuka mmene ankatiimiritsira pambali pa sitovu, aliyense atavala epuloni yofika kumapazi? Choyamba moto, wapakatikati, chiwaya chili chopanda kanthu. Kenako dontho. Ankaviika zala m'kapu ya madzi n'kuwaza. Madziwo akangoti tswee n'kuuma, ndiye kuti sichinatenthe. Koma akadzikulunga n'kukhala kamkanda, n'kumathamanga uku ndi uku ngati kamwana kothawa kusamba, pamenepo ndiye mafuta. Kenako dzira, loti latuluka mufiriji kale, osati lozizira. Ndiye lamulo lovuta lija: osalikhudza. "Likapsa limadzimasula lokha," ankatero. Inu munkapinda manja n'kudikira. Ine ndinkalitokosa ndi supuni lisanagwirane, n'kung'ambika, theka n'kutsalira pachitsulo. Ndi mmene ndinapezera dzina langa la Naphuma, ndipo lero ndili ndi imvi koma silinandichoke.

Panalinso lamulo lina limene ankalinena atakweza chala: chiwaya chotentha sichiona madzi ozizira. Chisiye chizizire chokha, uchiviike m'madzi ofunda, ndiye uchitsuke ndi kansalu, osati waya wokwechera mapoto. Lamulo limenelo ndi limene ndinaphwanya.

Inu mukudziwa kuti Loweruka lina mu Juni kukhitchini kwathu kunatuluka utsi, khoma la kuseri kwa sitovu linada bii, chiwaya chinapserera n'kupindika. Mawa lake mutaimba foni ya kanema munaona khomalo, munafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ine ndisanatsegule pakamwa Bambo anasuzumira pa foni n'kunena kuti, "Ndine. Ndinatereka mafuta n'kuiwala." Inu munayankhula ndi mawu anu a unamwino aja, ofatsa koma osabwezeka. Munati zimayamba choncho. Munati ndizikiya kukhitchini, kiyi ndizisunga ine, ndipo muyamba kufunsa za malo.

Achemwali, sanali Bambo. Ndinali ine.

M'mawa umenewo Bambo anali m'bafa. Ine ndinatereka chiwaya, ndinathira mafuta, foni n'kulira. Unali uthenga wa alamu anu, bambo a ana anga. Paja ndakhala ndikukuuzani kuti ntchito yawachulukira kumene anawasamutsira kuja, n'chifukwa chake sabwera. Ntchito siinawachulukire. Analemba mizere inayi. Anati kumeneko ali ndi mayi wina, papita chaka, ndipo sabweranso. Zovala zawo ndipatse amene ndingafune. Zaka makumi awiri ndi zitatu, mizere inayi, ndipo mzere umodzi unali wa zovala.

Sindikudziwa mmene ndinatulukira. Ndinangopezeka ndili kuseri kwa nyumba, pamene timayanika zovala, nditagwira chingwe ndi manja onse awiri ngati chindithawa. Shati yawo ya mizeremizere inali pachingwe pomwepo, ndinali nditaichapa dzulo lake kuti isamve fungo la m'kabati. Ndinaima pamenepo kaya mphindi zingati. Chimene chinandidzutsa ndi fungo. Nditathamangira m'nyumba ndinapeza utsi uli tolo, mafuta ayaka, Bambo ali pomwepo ndi thaulo m'chiuno, sopo ali m'khutu. Anali atazimitsa kale sitovu n'kuvundikira chiwaya ndi chivundikiro cha poto wamkulu, mwakachetechete, monga munthu amene wazimitsapo moto wotere kambirimbiri. Moto unali utatha. Anati, "Chisiye pomwepo, usachikhudze."

Koma ine ndi Naphuma. Iwo atangotembenuka kuti atsegule zenera, ndinachigwira ndi nsalu, ndinachiponya musinki n'kutsegula mpope. Chinalira, Achemwali. Chinati phaa, nthunzi n'kudzaza nyumba, ndipo pansi pake panatukumuka. Zaka zoposa makumi anayi Bambo anachisunga chili chowongoka ngati tebulo, ine ndinachipinda m'kamphindi kamodzi.

Bambo anayang'ana chiwaya, anayang'ana ine, anayang'ana foni imene inali idakali m'dzanja langa. Sanafunse kanthu. Ndinawapatsa foniyo ndekha, anavala magalasi, anawerenga, n'kuibweza. Anangoti, "Khala pansi, mwana wanga." Anandipangira tiyi, thaulo lili m'chiuno. Ameneyo ndiye munthu amene munauzidwa kuti wayamba kuiwala.

Lamulungu lija, iwo atati "Ndine", ndikanatha kuwatsutsa. Koma ndinaona kuti ndikati ndine, mufunsa kuti ndinali kuti, ndipo ndiyenera kunena zonse, inu muli pa kanema, alamu akudutsa kumbuyo kwanu ndi kapu ya khofi. Manyazi anandigwira. Inu banja lanu lili chilili, ine amene ndinkadzitama kuti ndinakwatiwa ndi munthu wofatsa ndasiyidwa pa foni. Ndinakhala chete. Ndinaganiza kuti ndikuuzani sabata yotsatira. Sabata yotsatira inabwera, ndinati inayo.

Ndipo ndinachita zonse munalamula. Ndinakiya kukhitchini. Chiwaya chopsereracho ndinachikulunga m'nyuzipepala n'kuchiponya pansi pa sinki. Chiwaya china chimene munatumiza chinafika, chopepuka, chakuda m'kati, choti dzira limangotsetsereka ngakhale wophika ali mtulo. Bambo anachitembenuza, anachiyeza padzanja, anati, "Umuthokoze mkulu wako, n'chabwino." Sananame, n'chabwinodi, ndakhala ndikuphikira chomwecho.

Masabata oyamba ankakoka mpando n'kukhala m'khonde la m'kati, moyang'anana ndi chitseko cha kukhitchini, n'kumaphika ndi makutu. Ndikathira anyezi ankati, "Moto wachuluka, Naphuma." Ndikagogoda supuni m'mphepete mwa poto ankati, "Potoyo wakulakwira chiyani?" Ine ndinkayankha mokwiya, koma mumtima ndinkasangalala kuti alipo. Kenako anasiya. Mpando unabwerera pabalaza. Epuloni yawo yoyera, imene akhala akuisita okha chimwalirire Amayi, anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Chakudya ankadya theka. Mu Ogasiti ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali kuti awonjezere bowo. Nditakuuzani kuti atsika thupi munati ndi matenda omwewo akupita patsogolo, ndipo munafulumizitsa za malo aja. Ine ndinati, "Inde, Achemwali." Mulungu andikhululukire, ndinati inde.

Chimene chinandithyola ndi chaching'ono. Lachisanu lomaliza la Ogasiti, ndikutsuka mbale chitseko chili chotsegula, ndinamva, "Odi." Nditacheuka ndinaona Bambo aima pakhomo, kapu ili m'manja, zala za kumapazi zili pamzere weniweni pamene matailosi a kukhitchini amayambira. Anati, "Ndingalowe nditungeko madzi?" Munthu amene anadyetsa alendo mazanamazana zaka makumi atatu ndi zinayi, amene anatiphunzitsa ife kugwira mpeni, akuodira pakhitchini ya mwana wake kuti amwe madzi.

Ndinawakhazika pampando, ndinagwada pansi manja ali ndi thovu. Ndinati, "Bambo, munanamiranji? Taonani tsopano akukutengani."

Anati, "Ukanati ndiwe, Akapitawo akanafunsa kuti unali kuti. Ukanati unali kuseri, akanafunsa kuti umatani. Amene uja safunsa funso limodzi. Iwe unali usanakonzeke kuyankha."

Ndinati, "Nanga mukanapita ndithu?"

Anamwa madzi awo pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Ndinawerenga miyezi. Juni mpaka Disembala. Ndinati ameneyu ndikamutokosa ang'ambika, ndimusiye, pofika nthawiyo adzakhala atadzimasula yekha." Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Komatu wachedwa, Naphuma. Koyamba m'moyo wako wachedwa. Lamba watsala pang'ono kutha mabowo."

Ndinaseka ndikulira, mamina ndi thovu pamodzi. Ndinatulutsa kiyi m'thumba la diresi n'kumuika patebulo. Iwo sanamutenge. Anangofunsa kuti, "Mkazi mnzawo wa amayi ako unamuika kuti?"

Mawa lake tinapita kukagula chiwaya china. Anavala jekete ya kutchalitchi, ndipo m'thumba la m'kati anaikamo lula ya pulasitiki imene anasiya mdzukulu wawo. Tinalowa m'sitolo ya ziwiya ija ili ndi mashelefu ofika kudenga. Wogulitsa ndi mayi wina wonenepa, wa magalasi olendewera pachingwe, wokamba nkhani ngati wailesi. Atationa anatitengera chakuda chopepuka, chofanana ndi chanu chija.

"Agogo, chanu ndi ichi. Sichimatirira, sichilemera, mwana wa sukulu amaphikira."

Bambo anati, "Mayi, chiwaya sichimatiritsa chakudya. Amamatiritsa ndi wophika. Tationetsani zachitsulo zoyerazo."

"Iii, zimenezo anthu amabweza, akuti mazira amakakamira."

"Muziwabweza anthuwo, ziwaya muzisunga."

Mayiyo anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa. Anatsitsa ziwaya zisanu n'kuziyala pakauntala. Bambo anayamba ndi kugogoda pansi pa chilichonse ndi chala chopinda. Choyamba chinalira ngwee ngati belu la njinga. "Ichi ndi chitini, chipsereza pakati m'mbali muli mosapsa." Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinayankha motsika, gu, ngati wagogoda chitseko cha mtengo. Anachitembenuza n'kundionetsa m'mphepete. "Ukuona timizere titatu? Chitsulo, aluminiyamu pakati, chitsulo. Wapakatiyo ndiye amayendetsa moto kuti ufike ponseponse." Kenako anatulutsa lula, anaigoneka pansi pa chiwayacho, n'kuchikweza kuloza kuwala kwa pakhomo, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati kuwala kukudutsa.

Mayi uja anati, "Kodi agogowa akugula chiwaya kapena akufunsira mkazi?"

Bambo anati, "Mkazi ndinasankha mofulumira, ndinachita mwayi. Mwayi sabwereza."

Anagwedeza chogwirira, anakana china chifukwa chinali chongowotcherera, chopanda timisomali. Anasisita m'kati ndi chikhatho. Pamapeto panatsala ziwiri, chachikulu chofanana ndi chakale chija, ndi chocheperapo chokhala ndi kogwirira kena kakang'ono kutsogolo. Apa ndikuuzani zoona zonse, popeza ndatopa ndi kubisa. Anatenga chachikulucho ndi dzanja limodzi monga ankachitira kale, ndipo dzanjalo linanjenjemera. Chiwaya chinapendekeka, chikanakhala ndi mafuta otentha akanatayikira pamapazi. Anayesanso. Chinapendekekanso. Bambo anachiika pansi bwinobwino, anachisisita kamodzi, n'kukankhira chocheperacho kwa ine. Anati, "Titenga cha makutu awirichi. Ndi cha anthu awiri."

Mukuona, Achemwali, simunalakwitse zonse. Manja awo akalambadi. Koma mutu uli bwinobwino, ndipo ndi iwo eni amene anaona malire awo, popanda wowauza.

Lamulungu m'mawa, musanaimbe foni, anatulutsa epuloni n'kuisita. Chiwaya chatsopano tinachitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, tinachipukuta mpaka kuuma. Ndinkayesa aphika iwo, koma anandiimika ine kutsogolo, iwo pambali, monga kale. Moto wapakatikati. Ndinawaza madzi, anati tswee n'kuuma. "Dikira." Ndinawazanso. Kamkanda kanadzikulunga, n'kuyamba kuthamanga kuzungulira chiwaya chonse, kowala ngati galasi. Sindinakaone kamkanda kameneko chichokere mu Juni. Ndinathira mafuta, ndinaswa dzira. M'mphepete mutangoyamba kuyera, dzanja langa linapita lokha ku supuni. Bambo anandigwira pamkono. Dzanja lawo lonjenjemera lija, pamkono wanga silinanjenjemere. Tinaima choncho tikumva mafuta akulira pang'onopang'ono. Kenako anati, "Tagwedeza." Ndinagwedeza chiwaya, dzira linatsetsereka lonse lathunthu, osasiya kanthu kumbuyo. Ndinati utsi wandilowa m'maso. Anati, "Inde, utsi wa chiwaya chatsopano ndi woopsa," chonsecho munalibe utsi m'nyumbamo. Tsiku limenelo anadya mazira awiri ndi buledi magawo atatu, n'kupukuta mbale ndi chotsalira.

Mutaimba masana aja munati akuoneka owala, mankhwala ayamba kugwira. Ndinatsala pang'ono kunena, koma munali mukuthamangira kuntchito. N'chifukwa chake ndalemba.

Chakale chija anachikhalira masiku atatu pakhonde. Anachiviika m'madzi ofunda, anachipaka phala la soda n'kuchisiya, kenako n'kumachisisita ndi kansalu, pang'onopang'ono, akuimba nyimbo za Amayi zija molakwitsa mawu. Zakuda zonse zinachoka. Mabanga a utawaleza amene moto unasiya anawachotsa ndi viniga. Pano chikuwala moti ndimadzionamo nkhope, ngakhale imaoneka yopotoka. Kupindikako ndiye sikungatheke. Ukachiika pasitovu chimagwedera, mafuta amathawira mbali imodzi. Ndinati ndikachipereke kwa ogula zitsulo zakale. Anandilanda. Anachipachika pamsomali umene chinkakhala kale, pamwamba pa sitovu, n'kunena kuti, "Chagwira ntchito zaka makumi anayi. Chikagwedera ndiye tichichotse pakhomo?" Ine sindiwonjezerapo.

Tsopano pempho langa. Mu Disembala bwerani ndithu, takusowani. Koma malo aja musalipiretu, ndipo sutikesi yopanda kanthu munati mubwera nayo ija muisiye. Bwerani mudzawayeze nokha monga namwino, muwafunse tsiku ndi mwezi ndi mayina a adzukulu, mudzaone. Tapangana kuti sayatsa sitovu ine kulibe, chonyamula ndinyamula ine, iwo azilamula. Pa kulamula ndiye mukudziwa kumene inu munatengera. Mukadzaona kuti ndikulakwitsa tidzakambirana, atatu, iwo ali pomwepo. Koma asachoke pakhomo pano chifukwa cha moto umene sanayatse.

Ndikupemphaninso kuti mundikhululukire. Ndinakusiyani mukuda nkhawa miyezi itatu, mukuimbira anthu mafoni, mwina mukulira panokha poganiza kuti Bambo ayamba kutisiya. Munachita zimene mwana wachikondi amachita akauzidwa zimene munauzidwazo. Wolakwa ndi amene anakhala chete. Mukafuna kundikalipira imbani, ndidzamvetsera mpaka kumapeto, sindidzanamizira netiweki.

Za alamu anu musawaimbire, chonde, ndikukudziwani. Ana ndinawauza sabata yatha. Wamkulu anakwiya, wamng'ono anangofunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Shati ya mizeremizere ija Bambo anaing'amba bwinobwino m'zidutswa zinayi, akuti nsalu yake ndi yofewa, yabwino kupukutira chitsulo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chiwaya chakuda chija sitinachitaye, chikutithandiza masiku a changu. Moni kwa ana onse, makamaka wamkazi uja amene akuti wayamba kuphika. Mumuuze asathire mchere m'madzi ozizira m'poto wachitsulo, agogo ake akuti umaboola timaenje. Mayi a nyumba yoyandikana nafe akupereka moni, akufunsa ngati mudakali wonenepa.

Bambo akudziwa kuti ndikulemba. Akhala potsidya pa tebulo, akusenda anyezi amene sindinawapemphe. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuzeni kuti tsiku lofikalo musadye kanthu panjira. Akuti dzira lanu akulikumbuka: losatembenuza, pakati pamadzimadzi, m'mphepete mopsererako pang'ono, ndipo mchere muthira nokha popeza simulola kuti wina akuthirireni.

Mukamva kanthu kolemera mu envulopuyi, ndi kiyi wa kukhitchini. Munati ndizisunga ine. Ndasunga mokwanira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Naphuma